Mlonda wa Mpunga wa Amama

Mpaka lero, ndikamva nyimbo ija ya m'mafilimu a njuga, ija imayambira pansipansi munthu akamatembenuza khadi lomaliza, ndimakuwa kuti azimitse. Ana anga amadziwa. Akangoona pa TV pabwera tebulo lobiriwira ndi azibambo a majekete akuyang'anizana ngati atambala, amasintha okha ndisanatsegule pakamwa. Anzanga kusukulu kumene ndimaphunzitsa amati ndimakokomeza, ati filimu ndi filimu chabe. Eya, anene choncho iwowo. Amayi awo sanalimepo mpunga ku Tembwe.

Amene anabweretsa mafilimu amenewa m'nyumba mwanga ndi mlongo wanga, mzime wa m'mimba mwa amama. Musaganize kuti ndikunena kamwana, ayi, mwamuna wandevu zake. Mkazi wake atatopa naye n'kubwerera kwawo, iye anabwera kudzakhala nane pa boma pa Chama, ati kudzafuna ntchito. Ntchito imene anapeza inali yopita ku kantemba kena pamsika kumene amaika mafilimu m'mafoni, n'kubwerako foni itakhuta. Mafilimuwo anali a mtundu umodzi onse. Munthu wochenjera amalowa m'nyumba ya njuga, amawina, amawinanso, dyera limamukwera, amakodwa m'manja mwa zigawenga, kenako mfuti, apolisi, mtembo kumbuyo kwa galimoto. Ine ndikuchonga mabuku a ana patebulo, iye ali gone pamphasa, foni pachifuwa, akuuza azungu a m'filimu chochita.

Tsiku lina ndinamufunsa, "Iwe, sukuona kuti onsewo akuthera kumanda?"

"Asisi, inu simumvetsa," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Filimu iyi ikuphunzitsa. Uyu walakwa pamodzi pokha, sanadzuke patebulo nthawi yake. Ine ndikanadzuka."

Ine ndikanadzuka! Munthu wolephera kudzuka pamphasa kuti ndisese.

Anayamba ndi makina aja a bonanza amene amakhala kuseri kwa mashopu, omeza makobidi n'kumalira ngati chidole. Kenako anasamukira pafoni, kubetcha mpira wa kunja, matimu a m'mizinda imene sangailoze n'komwe pamapu. Simbi yanga yositira inasowa. Wayilesi inasowa. Anapita kumudzi kukaona amama, mbuzi yawo yabere inasowa. Chimene chimandipsetsa mtima ndi mafilimu aja n'chakuti munthu wa njuga amaluza ali woyera, malaya osita, nyimbo ikulira, mkazi wokongola akumugwira phewa. Sanaonetsepo mlongo wake akupita kwa aneba m'mawa kukabwereka simbi, n'kumanama kuti yake yapsa waya.

Amama sakanamukalipira, ndipo chifukwa chake chilipo. Atabadwa anamupatsa dzina la bambo awo a amama, agogo athu amene anamwalira chaka chomwecho. Kwathu mwana akatenga dzina la wamkulu amatenganso ulemu wake. Choncho kuyambira ali wamaliseche, mamina ali chuchuchu, amama ankamutcha adada. Ife tikaswa mbale, chikoti. Iye akaswa mbale, "Adada, mwadzicheka?" Za mbuzi ija atazimva anangoti mwina adada anali ndi vuto. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo khoswe wathuyu anabadwira pamkhate pomwepo.

Chiyambire imfa ya bambo athu, amama ankadalira munda umodzi wa mpunga kudambo. Chimanga ankalima chochepa pafupi ndi nyumba, koma mpunga ndiwo unali zonse: chakudya, sopo, mchere, chitenje cha ku tchalitchi, mbewu ya chaka chinacho. Ine ndikafuna kuwathandiza ankakana. "Ndikadali ndi manja, dyetsa ana ako." Chaka chimenecho anawokera okha, anazulira udzu okha, madzi m'maondo, misundu ikuwayamwa m'miyendo. Mvula inagwa bwino, mpunga unabereka moti odutsa ankaima n'kumaloza. Koma utangoyamba kutulutsa ngala, bondo la amama linatupa ngati dzungu, kuyenda mpaka ndodo. Panafunika munthu woti akainge mbalame.

Amene sanalimepo mpunga amaganiza kuti kuinga mbalame n'kukhala pamthunzi n'kumati fya! Ayi ndithu. Mpunga ukakhala pa mkaka, njere zisanaume, mpheta zimabwera chigulu, kumwamba kuchita kuda. Sizidya njere yonse, zimangoifinya ndi mlomo, kumwa mkakawo, n'kusiya khoko lili lende pangala. Ukayang'ana patali umati mpunga ulipo, pamene mwatsala mankhusu okhaokha. Ndiye mabanja amasamukira kudambo, kumanga misasa ndi nsanja. Kuchokera pansanja umamanga zingwe kupita ngodya zonse za munda, pazingwepo zitini zokhala ndi timiyala. Umakoka, umakuwa, umaponya mibulu ya dothi ndi gulaye mpaka phewa kuphwanya, mawu kusasa. Mpheta zimalimbika m'mawa ndiponso dzuwa likapendeka. Ukachokapo nthawi imeneyo, mnzako wa munda woyandikana akaziinga kwake, zonse zimadzatera kwako.

Nkhani ya mbuzi ija inachititsa kuti abale tikumane pakhonde pa amalume, mchimwene wawo wa amama. Amalume ndi munthu wabwino, koma amakonda kumva mawu awo omwe. Anayankhula, anayankhula, mapeto ake anati matenda a mnyamatayu ndi boma. Pa boma pali makina, pali magetsi, pali anzake oipa. Tiyeni timuchotseko, akakhale kudambo mpaka kukolola. Kumeneko kulibe shopu, kulibe msika, netiweki sigwira. Ainge mbalame za amayi ake, mutu uzizire, abwereko munthu. Anthu anaomba m'manja. Amama anasekerera mpaka usinini kuonekera, ati adada athandiza amayi awo. Mwiniwake anawerama ngati munthu wolapa, n'kuti, "Manje ndamva, amalume. Ndasiya."

Ine ndinati chabwino, koma foni atisiyire kuno.

Ha! Munganene kuti ndatukwana m'tchalitchi. Amalume anati nanga njovu zikabwera, adziwitsa bwanji agemu, alonda a nyama aja? Azakhali anati mwana wa munthu sungamutaye kuthengo wopanda foni ngati galu. Wina anati akazi a pa boma mumafuna kulamulira amuna. Ndinafunsa kuti nanga ngati netiweki sigwira kudamboko, agemuwo awaimbira ndi chiyani? Amalume analowa m'nyumba n'kutulutsa kasola kawo kotchajira foni, n'kumupatsa ndi manja awiri, ati asamavutike. Ndinatsonya pamaso pa akuluakulu onse, ndipo sindinapepese.

Ndinabwerera ku boma kuntchito. Amama anatsala kumudzi ndi bondo lawo, n'kumaphika chakudya cha mlonda wawo, kupatsira anthu opita kudambo. Mlondayo ankandiimbira nthawi zina, mawu ali mbee, osadukaduka. Ndikafunsa kuti uli pati, ankati pamunda, asisi, mbalame zandiopa. Ndinkamvetsera kuti ndimve zitini kapena anthu akukuwa, koma kunkamveka mphepo yokha. Ndinauza amalume pafoni kuti pali china chake. Anandiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene anandiuza zoona ndi mayi wa munda woyandikana ndi wa amama, mnzawo wa m'kwaya. Anapatsira uthenga munthu wina wobwera ku chipatala cha pa boma, mawu ochepa chabe: bwerani mudzaone nokha, ine ndanena ndatopa. Pambuyo pake ndinamva kuti anali atauza kale amama, iwo n'kuyankha kuti adada akudziwa chimene akuchita.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto mpaka kumudzi ku Tembwe. Ndinkafuna kupita ndekha kudambo, koma amama anakana, ati nawonso akaone mpunga wawo, papita nthawi. Anavala chitenje chabwino, anatenga kambale ka nkhuku imene anaphera adada. Woyendetsa njinga anatisiya pamene njira ithera, kwinako tinayenda pang'onopang'ono, iwo ndi ndodo, ine ndi mbale pamutu. Dzuwa linali litapendeka, nthawi yeniyeni ya mpheta. Dambo lonse linali phokoso, zitini ngwerengwere, azimayi akukuwa, azibambo akumenya migolo. Mbali imodzi yokha kunali zii, ndipo ndiko tinkalowera.

Tinafika pamunda wa amama. Minda ya anzawo inali itawerama, ngala zolemera, zachikasu. Wathu unali chilili, ngala zoyera zili njo kuloza kumwamba chifukwa munalibe choziweramitsa. Mpheta zinali mbwee munda wonse, zikudya mosatekeseka, zina zitatera pazingwe zomwe, pamwamba pa zitini. Zingwe zina zinali zitaduka n'kugwera m'matope, udzu utayamba kuzikulunga. Pansanja panalibe munthu. Panali mbale zosatsuka, gulaye wouma amene sanaponyepo dothi, ndi bulangeti.

Mayi woyandikana uja anabwera akupukuta thukuta, mawu atasasiratu. Anapereka moni kwa amama mwaulemu, osawayang'ana m'maso. Anati masiku oyamba ankayesa kuthamangira minda yonse iwiri, koma munthu mmodzi alibe miyendo inayi. Nditafunsa kuti mlongo wanga ali kuti, analoza ndi mlomo kutsidya kwa dambo, kumene kuli mitengo. Anati kumeneko kuli chulu chachitali, ndipo pamwamba pake pokha ndi pamene netiweki imagwira m'dambo lonse. Ena amapitako kamodzikamodzi kuimbira abale awo n'kubwerera msanga. Mlonda wathu amapita m'mawa, kubwerako dzuwa litalowa.

Ndinatula mbale ija pansi, ndinamanga chitenje m'chiuno. Njira yopita kuchuluko sindinafunse munthu, inali yopondeka bwino, yochokera pansanja ya amama penipeni. Ndinkayenda ndikuyankhula ndekha ngati wamisala, minga ikundibaya osaimva.

Chimene ndinapeza pachulu paja chinandipweteka kuposa munda. Munthuyu anali atasema makwerero m'mbali mwa chulu, osalala bwino, oti ngakhale nkhalamba ikwere. Pamwamba anali atasalaza, atazika timitengo n'kufolera kamthunzi ka udzu, udzu womanga mwaluso, mvula singadonthe. Kasola ka amalume kanali padzuwa, mafoni a anthu atalumikizidwa, eni ake akumulipira pang'onopang'ono, ndipo zimene ankalipirazo ndi zomwe ankabetchera. Ndiye kuti manja ali nawo! Nzeru ali nazo! Khasu amalidziwa kugwira! Zonsezo anathera pachulu, pamene chingwe chimodzi cha amayi ake analephera kulumikiza. Anali khale pansi pa kamthunziko, amuna awiri atamupanikiza uku ndi uku, onse maso pafoni.

"Tsika!" ndinakuwa.

Anadzidzimuka, koma foni sanaitsitse. "Asisi, mwabwera liti? Dikirani pang'ono, manje manje ndikubwera. Yatsala timu imodzi chabe kuti ndiwine."

"Ndati tsika, chitsiru iwe! Mpunga wa amama watha!"

"Sunathe wonse," anatero. Tamverani, sunathe wonse! Ndiye kuti ankadziwa. Ankadutsa m'munda muja m'mawa uliwonse, mpheta zikuuluka m'mapazi mwake, n'kumapitirira. "Asisi, musakuwe, pali anthu. Iyi ikangolowa, ndigulira amama mpunga woposa umenewo. Ndaiwerenga bwino, singaphonye. Mlungu watha inatsala pang'onong'ono."

Ndinakwera makwerero ake okongolawo ndi nsapato zanga za kusukulu. Amuna awiri aja anazula mafoni awo n'kutsikira mbali ina, osatsanzika. Ndinamuuza zonse zimene ndinasunga kuyambira tsiku la simbi. Ndinamuuza za misundu imene inayamwa amama, za bondo, za nkhuku imene amuphera lero lomwe. Ndinati ndiwe wakuba woipa kuposa wothyola nyumba, chifukwa wothyola nyumba sabera amayi ake akumuphikira. Ndinati mkazi wako anaona patali. Ndinalira ndi ukali, mamina ndi misozi pamodzi, ine mphunzitsi wathunthu pamwamba pa chulu. Iye ankagwedeza mutu ngati akumva, koma diso limodzi linkabwerera pafoni. Nditafuna kuilanda anandigwira dzanja mwamphamvu, mpaka chibangiri kundicheka. Sanandigwirepo choncho chibadwire. Tinayang'anana. Kenako foni inalira kamodzi, anayang'ana, nkhope yake inagwa. Timu ija sinalowe.

Tinabwerera kumunda, ine patsogolo, iye kumbuyo ngati mbuzi yogulitsidwa. Tinapeza amama ali pakati pa munda, ndodo itamira m'matope, chitenje chabwino chija chitanyowa mpaka m'maondo. Ankagwira ngala imodzi, kuifikisa m'manja, kuuzira, mankhusu n'kuuluka. Kenako ina. Kenako ina. Ankafufuza ngati munthu wotaya singano. M'mphepete moyandikana ndi mayi uja munali motsala pang'ono, kwina konse munalibe kanthu. Chaka chonse chinali chitapita, ndi mbewu yomwe.

Ndinayembekeza. Ndinati lero lokha, amama, lero lokha mutukwaneni. Mumenyeni ndi ndodoyo, ine ndimugwira. Iye anaima m'mphepete mwa munda, manja kumbuyo, akudikira zomwezo, ndipo ndikukhulupirira kuti akanamenyedwa akanapepukidwa mtima. Amama anatuluka m'matope, anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama movutika, anatola kambale ka nkhuku kaja, anakapukuta pansi ndi chitenje, n'kukaika patsogolo pake. Sanati adada. Anapita kukakhala kuseri kwa msasa, atatifulatira.

Ndipo mlongo wangayo anadya, anthu inu. Anakhala pansi n'kudya nkhuku ija, mutu uli pansi, mpaka mafupa.

Tinagona kumsasa kwa mayi woyandikana uja chifukwa bondo la amama silikanalola kubwerera tsiku lomwelo. Kutacha, Lamlungu, ndinapeza pamene anagona amama palibe munthu. Ndodo yawo inali pomwepo, koma khasu la mayi uja panalibe. Tinayang'ana kumunda, kulibe. Kuchitsime, kulibe. Mlongo wanga anali pansanja, akukoka chingwe chimodzi chimene chinatsala, zitini zikulira pamwamba pa mankhusu, manje pamene palibe choinga. Ndinamufunsa ngati waona amama, anati ayi. Ndiye ndinamva kutsidya kwa dambo, gu! gu! gu!

Ndinathamanga. Ndinawapeza m'munsi mwa chulu chija, atagwada ndi bondo labwinolo, lotupalo atalitambasula kumbali. Ankatema chulu ndi khasu. Amene amadziwa dothi la chulu mvula ikatha akudziwa kuti ndi mwala. Khasu linkadumpha, mpini kuwagwedeza mpaka m'mapewa, tifumbi tokha n'kumagwa. Kamthunzi ka udzu anali atakagwetsa kale, sindikudziwa kuti anakwera bwanji. Duku linali litagwa, imvi zili poyera, thukuta lili noninoni. Ankatema akuyankhula ndi chulucho m'Chisenga, chinenero cha kwathu, mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, matemberero enieni.

"Amama, mukuchita chiyani?"

"Ndikuchotsa ichi," anatero osaima. "Ndi chimene chadya mpunga wanga. Chikhalepo kuti chidyenso wa anzanga?"

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ngakhale pamenepa! Ngakhale munda uli mbee, mlandu ukhale wa chulu! Ndinakuwa, "Amama, chulu sichibetcha! Chulu chilibe foni! Chulu sichinagulitse mbuzi yanu! Mwana wanu ndi amene wachita izi, mwana wanu, ndipo mukudziwa!"

Anaima. Anatsamira pampini akupuma mwabefu. Anandiyang'ana ndi maso ofiira, ouma, opanda msozi ndi umodzi womwe.

"Ndikudziwa," anatero. "Ukuyesa ndine wopusa? Ndinadziwa kalekale, iwe usanadziwe. Nanga ndimenye ndani? Tandiuza iweyo wophunzira. Ndimenye ndani?"

Kutsidya kunkamveka zitini zija, ngwere, ngwere, chingwe chimodzi chokha.

Ndinagwada n'kuwalanda khasu, ndipo sanakane. M'manja mwawo munali matuza ophulika, magazi atapaka pampini. Chulucho chinali chitangopalika pang'ono chabe.